Ndinanamiza Anyakwawa Awiri

Ndalama yake inali yosakwana ngakhale kugula nkhuku, koma ndinanamira akuluakulu awiri m'chaka chimodzi.

Mwezi wa Juni, titakumba kachewere, ndinasamuka ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano, kupita kufupi ndi Furancungo, m'boma la Macanga, komwe alamu anga anandipezera munda wa fodya. Msonkho wa chakacho ndinali ndisanakhome. Ndikunena Imposto de Reconstrução Nacional, uja amatolera atsogoleri a m'midzi kwa anthu a zaka 18 mpaka 60, n'kukupatsa kapepala kaja timati senya. Anyakwawa athu atandikumbutsa ndinati, "Bambo, ndikakhoma komwe ndikupitako." Ku Macanga nako ndinati, "Ndinakhoma kale kwathu, senya inatsalira m'sutikesi."

Mtima sunandigunde n'komwe. Ife a m'malire lusoli tinachita kuyamwira. Agogo ankatisimbira mmene amuna ankathawira kutsidya, ku Ntcheu, akamva kuti asipayi a Apwitikizi afika, poti wosakhoma msonkho ankamugwira kupita naye ku chibalo. Nkhanizi tinkazimva ngati za ngwazi. Ndinaiwalira dala kuti Apwitikizi anachoka mu 1975, ndi kuti amene ndinkamuzemba tsopano ndi mkulu yemwe anayendetsa maliro a bambo anga.

Zinaululika mu Januwale, ndikufuna kalata yotsimikiza komwe ndikukhala kuti mwana alembedwe sukulu yatsopano. Asekeretaryo a m'mudzi wa ku Macangako anangofunsa, "Senya ili kuti, achimwene?" Ndinayamba nthano ija ya sutikesi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatulutsa foni. Kani akazi awo ndi a kwathu komwe! Ndinaima pomwepo, chipewa kumanja, ndikumva mawu a anyakwawa athu akuti, "Ameneyo anatiuza kuti akakhoma kwanuko." Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Chopweteka n'chakuti panalibe chothawa. Tsangano ndi Macanga onse ali m'chigawo cha Tete, ndipo mtengo wa msonkhowu amauika pa chigawo chonse chaka ndi chaka. Ndikanakhoma kamodzi, uku kapena uko, n'kusunga senya, nkhani ikanathera pomwepo. Kukanakhala ku Ulongwe mwina ndikanati ndinasokonezeka, chifukwa kumeneko chikhalireni munisipiyo mu 2008 amakhoma wina, Imposto Pessoal Autárquico. Ine ndinalibe ngakhale chonamizira chimenecho.

Ndinakhoma pa mtengo wa ochedwa, womwe umakwererapo. Asekeretaryo anawonjeza kuti kalata alemba ndithu, koma munthu wosamuka amabwera ndi mawu a mfumu yake, osati kungotulukira. Ndinakwera galimoto kubwerera kwathu kukapepesa ndi kutsanzika bwino, ndipo ulendowo unadya ndalama zoposa msonkho wa zaka zingapo. Anyakwawa anandisiya pamphasa mpaka atatha kuweruza mlandu wa mbuzi.

Pofika ku Macanga ndinali nditakonza kale mmene ndiwafotokozere mayi a kunyumba. Ndinapeza atazimva kale kumjigo.