Ku Chilumba, Kumene Kaundula Saiwala Wodwala

Munthu wochokera ku Mzuzu akatsika zitunda zokhotakhota za Chiweta, nyanja imamutulukira mwadzidzidzi kudzanja lamanja. Kuchokera pamenepo msewu wa M1 umatsata gombe, kudutsa pa Chitimba m'munsi mwa Livingstonia, mpaka kukalowa m'boma la Karonga. Kunja kumayamba kutentha. M'mbali mwa msewu muli usipa woyanikidwa pamathandala, minda ya chinangwa cha kondowole ndi madambo a mpunga a ku Hara. Tsiku lopanda nkhungu, tsidya la nyanja kumaoneka mapiri a ku Tanzania.

Ambiri amaidziwa Chilumba chifukwa cha doko lake, kumene sitima ya Ilala yakhala ikukocheza kwa zaka zambiri. Koma akatswiri a zaumoyo m'maiko akutali amalidziwa dzinali pa chifukwa china. M'dera limeneli muli kaundula amene wakhala akutsatira miyoyo ya anthu wamba kwa zaka zoposa 40, kuti zidziwike zimene matenda opatsirana amasiya m'thupi, m'banja ndi m'mudzi pakapita nthawi.

Zonse zidayamba ndi khate. M'chaka cha 1979, bungwe la LEPRA lidakhazikitsa kafukufuku wa matendawa m'boma la Karonga, motsogozedwa ndi Jörg Pönnighaus mothandizana ndi Paul Fine wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Khate ndi nthenda yozemba: munthu akhoza kukhala ndi tizilombo take zaka zambiri banga loyamba lisanaoneke pakhungu. Choncho kuyeza anthu kamodzi kokha sikukadathandiza kwenikweni. Ogwira ntchito adayenda khomo ndi khomo, kuchokera kugombe mpaka m'mapiri, ndipo adaona anthu oposa 100,000. Aliyense adapatsidwa nambala yakeyake, ndipo adalembedwa pamodzi ndi maina a makolo ake ndi malo a nyumba yake. Mtsikana amene adalembedwa kwa makolo ake ankadziwikabe kuti ndi yemwe uja ngakhale atakwatiwa kumudzi wina n'kusintha dzina.

Nambala imeneyi ndiyo idakhala chuma chenicheni cha pa Chilumba. Pakati pa 1986 ndi 1989, anthu oposa 120,000 adalowa m'kafukufuku wa katemera wa BCG, yemwe amasiya kachipsera pamkono. Zotsatira zimene zidatuluka mu 1996 zidaonetsa kuti kubaya katemerayu kachiwiri kumachepetsa khate pafupifupi ndi theka, koma sikuteteza ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Mu 2021 kudatulukanso zotsatira za anthu omwewo patatha zaka 30. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekhako kudali kwa m'badwo wathunthu.

Kaundula wa khate adadzaunikiranso nthenda imene oyambitsa ake sankaidziwa n'komwe. M'zaka za m'ma 1980, madontho a magazi a anthu ena adasungidwa pa timapepala tapadera. Mliri wa Edzi utakula, timapepalato tidayezedwa, ndipo zidapezeka kuti kachilombo ka HIV kadali kale m'bomali kumayambiriro kwa zaka zimenezo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza adabwerera m'midzi kukafunsa za anthu pafupifupi 200 amene magazi awo adali ndi kachilomboka, ndi kuwayerekeza ndi anzawo amene adalibe. Adaona kuchuluka kwa amene adamwalira, nthawi imene adakhala ndi moyo mankhwala kulibe, komanso zimene zidagwera ana awo. Chipatala chikadangowerenga odwala ofika pakhomo pake. Kaundulayu adawerenganso amasiye otsala kumudzi.

Kuyambira 2002, anthu oposa 30,000 a m'midzi yozungulira Chilumba adayamba kutsatidwa mosadukiza. M'mudzi uliwonse muli anthu osankhidwa amene amalemba za ana obadwa ndi za maliro. Munthu akamwalira, ogwira ntchito amapita kukacheza ndi achibale mwaulemu, kufunsa m'mene adadwalira, kuti chimene chidamupha chidziwike ngakhale adafera panyumba. Chifukwa cha ichi, pamene ma ARV aulere adafika ku Karonga mu 2005, zidatheka kuonetsa kuti imfa za akuluakulu okhala pafupi ndi msewu waukulu zidatsika ndi 35 peresenti m'miyezi yochepa chabe. Kwa okhala kutali ndi msewu kusinthaku sikudaoneke msanga, umboni wakuti mtunda nawo umapha. Pambuyo pake ntchitoyi idatenga dzina la MEIRU, idafika ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, ndipo idayamba kuunikanso matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Chilumba ili ndi anzake m'chigawo chino: Agincourt ku South Africa kuyambira 1992, ndi Manhiça ku Mozambique kuyambira 1996. Komabe malo oterewa ali ngati nyali zochepa mumdima waukulu. Kunja kwa madera amenewa, mbiri ya wodwala imakhala m'kabuku ka kuchipatala kamene amayenda nako, ndipo kakanyowa ndi mvula kapena kudyedwa ndi chiswe, mbiriyo yatha. Wodwala chifuwa chachikulu akamaliza mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, kaundula amati wachira, tsamba n'kutsekedwa. Koma ambiri amatsala ndi mapapo owonongeka. Akadzafika kuchipatala china patapita zaka, akubanika, amalembedwa ngati munthu watsopano, ndipo palibe cholumikiza befu wa lero ndi chifuwa cha kale.

Maiko ena adapeza njira. Ku Denmark munthu aliyense wakhala ndi nambala imodzi kuyambira 1968, ndipo imeneyo imalumikiza makaundula a zipatala, a katemera ndi a imfa. Dziko la Malawi lidalembetsa anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika mu 2017, ndipo mu 2024 lidakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makaundula. Maziko alipo. Chovuta n'chakuti nambala yomwe ingathandize dokotala ingathenso kuulula nthenda ya munthu kwa bwana wake kapena kwa apongozi. M'dziko limene mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu mu 2017, palibe amene angatenge magazi ndi maina a anthu mwachibwana. Ku Chilumba anthu amatsekulabe makomo awo chifukwa mafumu amafunsidwa, ogwira ntchito ambiri ndi ana a komweko olankhula Chitumbuka, ndipo zotsatira zimalengezedwa popanda dzina la munthu.

Dzuwa likalowa kuseri kwa mapiri a Nyika, nyali za asodzi a usipa zimayamba kuthwanima panyanja. M'mudzi wina wapafupi, mwana wobadwa sabata ino adzalembedwa m'kaundula, ndipo nambala yake idzalumikizidwa ndi ya amayi ake, mwinanso ndi ya agogo ake amene adayezedwa khungu ali kamtsikana. Mwana wobadwa tsiku lomwelo ku Nsanje kapena ku Mchinji akuyembekezabe kaundula amene angamukumbukire chotero.