Amisiri a Kuseri kwa Nsanja

Pa 13 Julayi 1985 anthu okwana 72,000 anasonkhana m'bwalo la Wembley mumzinda wa London. Anadza kudzamvera oimba otchuka pa chionetsero cha Live Aid, chimene Bob Geldof ndi anzake anakonza pofuna kupeza ndalama zothandizira anthu amene anali kufa ndi njala ku Ethiopia.

Magulu a oimba anali ambiri, ndipo lililonse linapatsidwa mphindi pafupifupi 20 zokha. Nanga zikanatheka bwanji kuti khamulo lisatope ndi kudikira pamene gulu lina likuchotsa ng'oma zake, lina likuika zake? Amisiri anamanga nsanja yotembenuka, naigaŵa patatu. Pamene gulu lina linali kuimba kutsogolo, kuseri antchito anali kalikiliki kulumikiza nthambo za gulu lotsatira. Oimba akangotsiriza, nsanja ija inkazungulira. Pambali panali nyali zonga zija za pamsewu. Yofiira ikayaka, woimba ankadziŵa kuti nthaŵi yake yatha, ngakhale akhale wotchuka chotani.

Anthu oima kumbuyo kwenikweni ankaona nkhope za oimba pa makanema aakulu, ndipo makina a mlengalenga otchedwa setilaiti ankatumiza zithunzi ndi mawu kumaiko oposa 100.

Antchito otereŵa saomberedwa m'manja. Anthu amaŵakumbukira pokhapokha chinthu chikalakwika, ndipo usiku umenewo chinalakwikadi. Chakumapeto, Paul McCartney, amene kale anali m'gulu la Beatles, anakhala pa piyano nayamba kuimba. Piyano inkamveka, milomo yake inkagwedera, koma mawu ake anali zii! Maikolofoni yake inali itafa. Ameneyu ndiye woimba amene ambiri anamudikira tsiku lonse ali chiimire, chikhalirecho dziko lonse linali kupenya.

Amisiri anayamba kufufuza pamene panavuta. Sichinali chapafupi, pakuti nthambo zinali zambirimbiri. Khamu lija litazindikira vutolo, linaiŵanda nyimboyo kumthandiza. Patapita mphindi ngati ziŵiri, mawu a McCartney anatulukira mwadzidzidzi m'zokuzira mawu, ndipo bwalo lonse linafuula ndi chimwemwe.

M'maŵa mwake iye anapita kunyumba yojambulira nyimbo nakaimbanso chigawo chimene sichinamveke chija. Mawu ojambulidwa tsiku limenelo ndiwo amamveka pa DVD ya chionetserochi imene inatuluka mu 2004.