Usiku kamera nayo imaona mwachimbuuzi

Tengani limoti ya TV kapena ya sabuufa, muilozetse ku kamera ya foni yanu, kenako dinani batani lililonse. Pa sikirini muona kababu kakutsogolo kwa limotiyo kakuphethira, kotuwa kapena kapepo. Ikakana kamera yakumbuyo, yesani ya selfie. Kayang'aneni tsopano ndi maso anu: palibe kanthu. Kuwala kumeneko dzina lake ndi infrared. William Herschel anakutulukira mu 1800 atamwaza kuwala kwa dzuwa ndi galasi, n'kupeza kuti kuseri kwa mtundu wofiira, pomwe diso likuti palibe chilichonse, choyezera kutentha chikukwerabe.

Ndayamba ndi kamasewera kameneka chifukwa makamera achitetezo afika kwathu kuno. Pa Madziabango, pa Lirangwe, ku Chileka, mukakweza maso pagolosale, pachigayo kapena pakashopu kotumizira ndalama, mupeza kadiso kali pansi pa malata kakukuyang'anani. Ndipo tonse tagwirizana chimodzi: kamera sinama. Masana mwina. Usiku ndi nkhani ina.

Ntchito ya lenzi ndi kupinda kuwala kuti kukakumane pamalo amodzi, pa sensa. Vuto n'lakuti galasi silipinda mitundu yonse mofanana. Buluu amapindika kwambiri, wofiira pang'ono. N'chimodzimodzi ndi madontho a mvula akamatipatsa utawaleza, kungoti m'kamera utawaleza sitiufuna. Jambulani nthambi za mango kumwamba kukuwala, kapena nsonga ya malata dzuwa lili paliwombo, kenako mukulitse chithunzicho. Mukaona kamzere kapepo kapena kobiriwira m'mphepete, imeneyo ndiye chromatic aberration: mitundu yalephera kukumana.

Isaac Newton ankakhulupirira kuti vutoli silingatheke kulikonza m'magalasi, moti mu 1668 anapanga telesikopu yogwiritsa ntchito kalilole. Koma cha m'ma 1730, Chester Moor Hall anaphatikiza magalasi awiri osiyana, lina likamwaza mitundu linzake n'kuibweza. John Dollond anatenga patenti ya njirayi mu 1758. Mpaka lero malenzi athu ndi zidzukulu za nzeru imeneyo.

Koma tamvani apa. Lenzi wamba amaikonza poganizira kuwala komwe munthu amaona, kuyambira pa mananomita pafupifupi 400 kufika 700. Timababu tozungulira kamera yachitetezo, tija timaoneka ngati makala akuzilala, nthawi zambiri timatulutsa kuwala kwa pa 850. Kukamada, kamera imamveka kuti "tiki". Pamenepo ikuchotsa kasefa kotchinga infrared, n'kuyamba kujambula zakuda ndi zoyera. Infrared amapindika pang'ono kuposa wofiira yemwe, choncho pa lenzi wamba amakakumana kumbuyo kwa sensa. Chithunzi chomwe masana chinali chakuthwa chimasanduka phala. Ojambula akale ankazidziwa izi: malenzi ambiri a makamera a filimu anali ndi kadontho kofiira kosonyeza pomwe usunthire fokasi ukamajambula ndi infrared. Lenzi yolembedwa kuti IR corrected imakhala ndi magalasi apadera osamwaza kwambiri kuwala, kuti masana ndi usiku zonse zikakumane pamalo amodzi. Imakwera mtengo, n'chifukwa chake makamera otchipa ambiri alibe.

Amalume anga ali ndi golosale pa Madziabango, ndipo kamera yawo anawatumizira msuweni wanga wa ku Joni. Masana inkatha kuwerenga nambala ya njinga yamoto ya kabaza itaima kutsidya kwa msewu. Amalume ankanyadira, kuitana aliyense kuti adzaone pafoni. Usiku wina anthu anaboola chitseko n'kutenga shuga, mafuta ophikira ndi ndalama za tsikulo. Kamera inajambula, inde. Inaonetsa munthu wovala malaya oyera, maso akuwala ngati a mphaka, nkhope ili mbuu.

Kanemayo anafika pa WhatsApp tiyi asanaphitsidwe. Pofika masana, mayina atatu anali atatchulidwa kale, ndipo limodzi linakakamira: la mnyamata wina wonyamula katundu pamsika, amene amakonda kuvala shati yoyera. Wina akuti kayendedwe n'kake. Wina akuti mutu n'womwewo. Anthu anayamba kusonkhana pakhonde la golosale, ndipo amene munakulira ku Malawi kuno mukudziwa kumene gulu lotere limathera.

"Bambo, tangonenani kuti ndi iyeyu, ife tithana naye," anatero mmodzi.

Amalume anayang'ana foni kwa nthawi yaitali. "Ine pano ndikuona munthu," anatero. "Dzina lake sindikuliona. Nkhaniyi ipite kupolisi."

Madzulo ake ndinawapempha kuti tiyese kanthu. Ndinavala tisheti yanga yakuda bii, n'kukaima pomwe panaima wakubayo. Pa sikirini ndinatuluka nditavala zoyera. Utoto wambiri wa nsalu umameza kuwala kooneka koma infrared umangomubweza, ndiye chakuda chimatha kuoneka choyera. Masamba a mtengo wapambali nawo anali mbee ngati awazidwa ufa. Nkhope yanga? Amalume, amene anandinyamula ndili wakhanda, anapukusa mutu: "Iwe mphwanga, ndikanapanda kukuona ukupita apo, sindikanakudziwa."

Mnyamata uja sanamenyedwe. Koma dzina likada silichapika ndi sopo. Amayi ogulitsa tomato anasiya kumupatsa katundu woti anyamule, ana ankamuloza, ndipo patapita milungu ingapo anasamukira kwa abale ake ku Lirangwe. Wakuba weniweni sanapezeke mpaka lero.

Chimene chimandiopsa pa chithunzi cha chimbuuzi n'chakuti sichikhala chopanda nkhope nthawi yaitali. Ubongo sukonda mpata. Pomwe lenzi yalephera, ife timamalizitsa tokha, ndipo nkhope yomwe timaikapo ndi ya munthu amene tinkamukayikira kale: wosauka, wobwera, wosapemphera nafe, amene tinakangana naye pa nkhani ya malire a munda. Kenako timati kamera ndi imene yanena.

Ngati kwanu akufuna kugula kamera, athandizeni inu odziwa mafoni. Funsani ngati lenzi yake ndi IR corrected. Musakhutire ndi chithunzi cha masana chomwe wogulitsa akukuonetsani; iyeseni usiku, munthu ataima pamtunda womwe wakuba angaime. Ngati ili yotheka kusintha fokasi, ichuneni kutada, chifukwa masana kuwala kukachuluka kamera imabisa zolakwika zambiri. Ikani babu la sola pakhonde kuti izijambulabe mitundu yeniyeni. Pukutani fumbi ndi ukonde wa kangaude, chifukwa zimabwezera infrared m'diso la kamera n'kuichititsa khungu.

Ndipo kanema wotere akadzafika m'gulu lanu, pansi pake atalemba kuti "mukumudziwa ameneyu?", chala chisathamange. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani kaye kuti anajambulidwa nthawi yanji. Ngati ndi usiku, ngakhale mtundu wa malaya omwe mukuuonawo musaulumbirire.