Mnyamata Amene Anakana Kusiya Mabwana Ake

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, mnyamata wina dzina lake Steve Wozniak analembedwa nchito pa kampani ya Hewlett-Packard ku California, m'dziko la America. Nchito yake inali kukonza mapulani a timakina towerengera masamu tolowa m'thumba. Iye ananena poyera kuti adzakalambira pomwepo, ndipo sanali kuseka.

Kampaniyo anaiyamba ndi amuna awiri, Bill Hewlett ndi David Packard, m'caka ca 1939 m'kanyumba kosungiramo galimoto mu mzinda wa Palo Alto. Onse awiri anali mainjiniya, anthu odziwa kugwira waya ndi manja ao. Anchito anali kuwaitana ndi maina ao oyamba, Bill ndi Dave, zimene munthu wolemekeza akulu angadabwe nazo. Akapitao sanali kukhala m'maofesi otseka. Anali kuyendayenda pakati pa anchito kufunsa za mabvuto ao.

Cimene cinamanga mitima ya anchito cinacitika mu 1970, malonda atatsika. Makampani ena anacotsa anthu ambiri. Hewlett-Packard inasankha kuti aliyense, kuyambira eni ake mpaka wanchito wamng'ono, adulidwe 10 pa 100 iliyonse ya malipiro ake ndi kupumula tsiku la Cisanu kamodzi pa masabata awiri. Mphika unacepa m'nyumba iliyonse, koma palibe nyumba inazima moto. Malonda atabwerera, onse anali pa malo ao.

Panalinso nkhokwe ya zipangizo imene injiniya anali kuloledwa kutengamo tizitsulo topangira zinthu zake kunyumba. Anchito anali kusimbirana kuti tsiku lina Hewlett anapeza nkhokweyo itakhomedwa ndi loko, nadula lokoyo, nasiya kalata yoletsa kuikhomanso. Wozniak anapindula ndi ufulu umenewu, ndipo usiku akaweruka anali kulumikiza kompyuta yaing'ono yoti munthu mmodzi akhale nayo pakhomo pake.

Apa ndipo pamene mabwana abwinowo anagona tulo. Kaamba kakuti anali wanchito wokhulupirika, Wozniak anaonetsa kompyutayo kwa akulu a cigawo cake mu 1976 kuti kampani iitenge. Iwo anaikana, poona kuti siinagwirizane ndi katundu wao wodula wogulitsa kwa akatswiri. Komabe sanamtsekereze njira: anampatsa cilolezo coti acite nayo monga afunira. Kampani ina ikadaumirira kuti nzeru za wanchito ndi zake za kampani, nizibisa m'kabati.

Pa 1 April 1976 Wozniak ndi bwenzi lake Steve Jobs anayamba kampani ya Apple, koma iye anapitirizabe kupita ku nchito yake m'mawa uliwonse. Pamene Mike Markkula, munthu wacuma, analonjeza kuikamo ndalama zake pokhapokha Wozniak atasiya Hewlett-Packard, mnyamatayo anakana. Mantha ake sanali a njala ai. Anaopa kusanduka bwana wolamula ndi kucotsa anzake nchito, pamene mtima wake unali pa mawaya.

Jobs anapempha abale ndi mabwenzi a Wozniak kuti amuimbire lamya mmodzimmodzi. Amene anamgonjetsa anali Allen Baum, mnzake wa ku sukulu, pomuuza kuti angathe kukhala mwini kampani koma nakhalabe injiniya wamba osalamula munthu. Atamva zimenezo ndipo pamene Wozniak anapita kukatsazika ku Hewlett-Packard.