Nsomba yopanda minga ya agogo

Ife a ku Ntcheu sitili anthu a nsomba. Mukatifunsa za kachewere wa ku Tsangano kapena kabichi wa pa Lizulu tikhoza kukuuzani mpaka dzuwa kulowa, koma nyanja tilibe. Nsomba imene timaidziwa bwino ndi youma: usipa, utaka ndi matemba, zobwera m'madengu ndi m'matumba kuchokera ku Mangochi ndi ku Chilwa. Chambo chachiwisi chimalowa m'nyumba mwathu kawiri kapena katatu pa chaka, ndipo tsiku limenelo ngakhale amphaka a m'mudzi amadziwa. N'chifukwa chake lamulo la Eklezia losala nyama pa Lachisanu Loyera silitilemera kwenikweni, pakuti usipa ndi ndiwo zathu za masiku onse. Chambo amayi amachisungira Pasaka yeniyeni.

Koma kwa zaka ziwiri panali munthu mmodzi pakhomo pathu amene chisangalalo chimenechi chimamudutsa. Agogo anga aamuna, bambo wa amayi anga, maso awo anachita ng'ala. Tsiku lina munga unawakola pakhosi, ndipo unachoka atapita nawo kuchipatala. Chiyambire pamenepo nsomba yaikulu anailekeratu. Amayi anayesa kumawachotsera minga m'mbale, koma agogo anakankha mbaleyo nati, "Ine si khanda." Motero pa Khirisimasi ndi pa Pasaka ife tinkanyambita zala, iwo akusunsa nsima mu msuzi wokha. Sankadandaula, koma kudya pafupi nawo kunkatichititsa manyazi.

Chodabwitsa n'chakuti munthu ameneyu anaphikapo nsomba zambiri kuposa tonsefe. M'zaka za m'ma 1960, pamene anyamata ambiri a kwathu ankalembetsa ku Wenela kukagwira ntchito m'migodi, iwo anapita ku Joni paokha, ulendo umene unkatchedwa selefu. Anapeza ntchito ya ukhukhi m'nyumba ya banja lina la Ayuda ku Yeoville, dera la mu Johannesburg limene nthawi imeneyo munkakhala Ayuda ambiri. Nkhani za m'khitchini imeneyo tinakula tikuzimva. Munali mapoto ndi mbale za nyama pazokha, za mkaka pazokha, ndipo supuni ikasochera kuchoka mbali ina kupita ina unali mlandu. Pasaka yawo ikayandikira ankasesa nyumba yonse kuti pasatsale ngakhale nyenyeswa ya buledi, natulutsa mbale zina zimene zinkagwira ntchito masiku 8 okhawo pa chaka. Ndipo panali nsomba ina imene agogo amaitchula kuti "gefilite", imene adona ankaiphika Lachisanu lililonse komanso pa zikondwerero zikuluzikulu. Poyamba adonawo sankalola munthu wina kuikhudza, koma patapita zaka ntchitoyo anaisiyira agogo, iwo n'kumangobwera kudzalawa mchere.

Ndili mwana ndinkayesa kuti dzinalo agogo anangolipeka. Ndinadzamva zoona zake kuno ku seminale, Bambo amene amatiphunzitsa Baibulo atafika pa nkhani ya Sabata. Anatiuza kuti aphunzitsi a Chiyuda anawerenga mitundu 39 ya ntchito zimene munthu sayenera kugwira pa Sabata, ndipo imodzi mwa izo ndi kusankha, ndiye kuti kuchotsa chosafunika pakati pa chofunika, monga achitira amayi posankha nyemba pa lichero. Kutola minga mu nsomba kumalowa m'gulu limeneli. Tsono Ayuda a ku Poland, ku Lithuania ndi maiko oyandikana nawo ankakonda kudya nsomba pa Sabata, ndipo njira yawo inali kuchotseratu minga yonse dzuwa la Lachisanu lisanalowe, kupera mnofu, ndi kuphikiratu. Dzina lake ndi gefilte fish. M'chinenero chawo cha Yiddish mawu oyambawo amatanthauza chinthu chodzazidwa, chifukwa kale ankabwezera mnofu woperawo m'khungu la nsomba. Panalinso chifukwa china chimene ife sitifunika kuchiphunzira m'kalasi: anthuwo ambiri anali osauka, ndipo nsomba imodzi ukaisakaniza ndi anyezi, mazira ndi ufa imakwanira banja lonse. Ndi nzeru yomweyo imene amayi amagwiritsa ntchito akamachulukitsa msuzi alendo akafika mwadzidzidzi.

Nditakweza dzanja n'kunena kuti agogo anga amadziwa kuphika nsombayi, kalasi yonse inaseka. Bambo sanaseke. Anandifunsa ngati agogo ankathiramo shuga kapena tsabola. Ndinayankha kuti sindinamvepo za shuga. Iwo anati n'zomveka, chifukwa Ayuda a kum'mwera kwa Poland ndiwo amakonda yotsekemera, pamene a ku Lithuania amathira tsabola wakuda, ndipo Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania. Ndinadabwa kuti nkhalamba ya kufupi ndi Nsipe, imene sinaonepo mapu a Ulaya, yasunga m'manja mwake kusiyana kwa madera awiri akutali chonchi. Ambiri mwa Ayuda amene anatsala ku Lithuania ndi ku Poland anaphedwa ndi a Nazi pakati pa 1939 ndi 1945. Amene anali atasamukira kale ku Johannesburg, London kapena New York ndiwo anapulumutsa kaphikidweka. Bambo anatikumbutsanso kuti Papa Yohane Paulo II, amene anadzacheza kuno ku Malawi mu 1989, anakulira ku Wadowice ku Poland pakati pa anzake a Chiyuda, ndipo mu 1986 analowa m'sunagoge wamkulu wa ku Roma nawatcha Ayuda akulu athu.

Pa tchuthi cha Pasaka ndinakafotokoza maganizo anga kwa amayi: tiphike chambo monga agogo ankaphikira ku Joni, ndipo tonse tidye chomwecho, kuti pasakhale mbale ya wodwala. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe, ukudziwa mtengo wa chambo? Ndigule nsomba yabwinobwino kuti tikaisinje mumtondo ngati nsinjiro?" Anati ngati n'kusinja, tisinje mlamba, umene ndi wotsikirapo mtengo ndipo minga yake ndi yochepa. Apa agogo, amene tinkayesa kuti akuwodzera pakhonde, anadzuka. "Mlamba ayi! Ulibe mamba." Lamulo la m'buku la Levitiko, mutu 11, limalola nsomba yokhala ndi zipsepse ndi mamba yokha, motero mlamba ndi kampango sizingalowe m'khitchini ya Myuda. Izi kwathu si zachilendo, pakuti anzathu a Seventh Day, amene ali ndi mishoni yawo ya Lakeview ku Mlangeni, nawonso mlamba sadya. Amayi anati ife ndife Akatolika, mlamba timadya. Agogo anati kudya timadya, koma ukathira mlamba usatchulenso dzina la gefilite. Ndi mmene anavomerera kutitsogolera, ndipo amayi, atamva bambo awo akukangana ndi mphamvu koyamba patapita miyezi yambiri, anamanga ndalama pa nsonga ya chitenje napita ku Kampepuza.

Anabwerako Loweruka Loyera m'mawa ndi chambo chimodzi chachikulu ndi makumba anayi. Agogo anakhala pampando pafupi ndi khitchini, ndodo ili pakati pa miyendo, nayamba kulamula ngati kapitawo. Tinapala mamba, kutumbula ndi kutsuka. Mitu, mafupa a msana, zipsepse ndi makungu sitinataye. Zonsezo zinalowa mupoto wamkulu pamodzi ndi anyezi awiri odula mozungulira, kaloti, mchere ndi madzi, ndipo zinayamba kuwira ife tikugwira ntchito ina. Agogo anaumirira kuti tichotse makha ofiira a m'mitu, apo ayi msuzi uwawa, ndiponso kuti tiziwaula thovu likamabwera pamwamba.

Ntchito yaikulu inali ya mnofu. Amayi ankaulenga kuchoka ku fupa ndi mpeni, ine ndi mchemwali wanga n'kumaufufuza ndi zala kachidutswa kalikonse. Kenaka chilichonse chinkadutsa m'manja mwa agogo. Maso saona, koma zala zawo zinapeza timinga titatu timene ife a maso awiriawiri tinatiphonya, ndipo kalikonse ankakakweza m'mwamba kuti tonse tione. Ku Yeoville anali ndi kachigayo ka nyama kopukusa ndi dzanja, komangirira pa tebulo. Ife tinatsuka mtondo waung'ono wa nsinjiro ndi madzi otentha. Ndinasinja mnofu pamodzi ndi anyezi wamkulu mmodzi mpaka zinasanduka phala lolimba lomata ku munsi. Tinaswera mazira awiri, mchere, tsabola wakuda amene ndinagula m'kapepala ku golosale, ndi madzi ozizira pang'onopang'ono. Agogo ankatsina, kununkhiza, nati, "Pitiriza, sichinagwirane."

Pa ufa m'pamene tinasiyana ndi Ayuda. Iwo amathira ufa wa matzo, mkate wosafufumitsa wa Pasaka, wofanana m'mapangidwe ndi mkate umene ansembe amapereka pa Misa: ufa wa tirigu ndi madzi basi. Ife tinalibe. Amayi anatapa ufa woyera, agogo nati adona akanakomoka, chifukwa Ayuda a ku Ulaya pa masiku a Pasaka sadya chimanga, nyemba ngakhale mpunga. Mchemwali wanga anafunsa kuti nanga anthuwo amakhala ndi moyo bwanji sabata yathunthu. Agogo anati ndi mbatata ya kachewere, ndipo akanakhala a ku Ntcheu sakanavutika. Tinathira ufa woyera wodzaza supuni zitatu.

Ndikusinja muja ndinawafunsa ngati iwo ankadya nawo pa tebulo usiku wa Pasaka. Anaseka. Anati ankaima pakhomo la khitchini kudikira mbale, akumva mwana wamng'ono wa m'nyumbamo akuimba mafunso ake, bwana n'kumawerenga za ukapolo wa ku Ejipito ndi za Mose. Gawo lawo ankadyera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, pasi ili m'thumba, chifukwa munthu wakuda wopezeka mumsewu wopanda pasi ankagona kupolisi. Sananene izi mokwiya. Anati banjalo linkawalipira pa nthawi yake, ndipo atadwala adona anawaitanira dokotala. Komabe ine nkhaniyi inandikhala pamtima. Anthu ankakumbukira kumasulidwa kwawo, pamene amene anawaphikira chakudyacho anali womangika pa mtunda wa mapazi khumi. Ndikudziwa kuti Ayuda ena a ku South Africa anaona zimenezi nalimbana ndi tsankho, monga Helen Suzman m'nyumba ya malamulo ndi Joe Slovo, amene anabadwira ku Lithuania komweko. Ndikudziwanso kuti m'nyumba zambiri za Akhristu a m'dziko lomwelo zinthu zinali chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Sindikunena izi poweruza mtundu wa anthu. Ndikungoti ndikamamva kuwerenga za kuwoloka Nyanja Yofiira, tsopano ndimaonanso munthu ataima pakhomo la khitchini.

Tinasefa msuzi uja, n'kuubwezera pa mbaula makala atachepa mphamvu. Tinanyowetsa manja n'kuumba timibulu tonga dzira la bakha. Tinatuluka 19, kuchokera mu nsomba zimene tikanaphika mwa masiku onse zikanapereka nthuli zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu. Amayi anawerenga kawiri, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kung'ung'udza. Agogo anachenjeza kuti msuzi usabwate mwamphamvu, uzingonyeng'ema, apo ayi timibulu tiphwasuka. Tinavundikira poto ndi kusiya kampata, ndipo zinapsa pang'onopang'ono kwa ola limodzi ndi theka. Kenaka tinatsanulira m'beseni la enamulo, kagawo ka kaloti pamwamba pa kalikonse, n'kuthira msuzi.

Mkangano womaliza unali wa kuzizira. Gefilte fish imadyedwa yozizira, chifukwa pa Sabata moto sasonkha. Amayi anati ndiwo zozizira ndi za mkute, osati za Pasaka. Anagwirizana kuti beseni likhale m'madzi ozizira mpaka tibwere ku Misa ya usiku, ndipo amene akufuna zotentha atenthetse zake.

Tinabwerako usiku kwambiri, makandulo athu atatsala tizidutswa. Amayi anaphika nsima msangamsanga. Msuzi uja unali utayamba kugwirana ngati phala la ana. Ayuda amadyera nsombayi ndi chrain, muzu wa horseradish wopala umene umalasa m'mphuno. Ife tinasinja kambuzi ndi mchere ndi mandimu. Bambo anga analawa kamodzi, nati nsomba yopanda mutu si nsomba, ndipo anakatenga mitu imene inatsala mu sefa ija naikhalira pansi mokondwa. Mchemwali wanga anati zikukoma ngati soseji imene yaiwala kuti ndi soseji. Ine ndinadya zozizira ndi zotentha zomwe, ndipo kunena zoona zotentha ndi nsima zimapita bwino.

Agogo anapempha zozizira. Anapapasa mbale, nanyema kambulu ndi zala, nakaika m'kamwa osafufuza, osatafuna mwamantha monga tinawazolowera. Anadya anayi. Atamaliza anati tsabola wachepa, ndipo anyezi tikanayamba tamukazinga pang'ono. Amayi anayankha kuti pa Khirisimasi adzathiramo matimati, afune asafune, ndipo awiriwo anakangana za matimatiwo mpaka tambala woyamba.