Udzu umene ndinali kulalikira pa wailesi

Papita zaka zitatu ndikuthandiza pa pulogalamu ya alimi ku Radio Chikaya, ku boma la Lundazi. Sindilandira malipiro. Ndimapalasa njinga kuchoka kuno ku Kapichila, n'kukakhala pa maikolofoni pamodzi ndi alangizi, iwo akukamba, ine ndikufunsa mafunso ndi kuyankha mafoni. Nkhani imene ndinaibwereza kwambiri inali yobzala udzu wa ziweto. Ndinali kuidziwa pamtima ngati katekisimu: konzani munda, fesani mvula ikakhazikika, dulani udzu usanakhwime, sungani pouma. Tsiku lina bambo wina anaimba foni n'kufunsa mwaulemu ndithu kuti, "Inu a pa wailesi, kwanu munabzala malima angati?" Ndinaseka, n'kuika nyimbo. Kwathu kunalibe olo phata limodzi.

Kenaka chinabwera chilala cha 2024. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Tonse maso anali pa chimanga, pa nkhokwe ndi pa mtengo wa unga. Za ng'ombe tinaziganizira mochedwa. Mapesi anali ochepa ndipo anatha mu Ogasiti. Thengo linapsa ndi moto wa osaka mbewa monga mwa chaka chilichonse. Pofika Okutobala ng'ombe za mudzi wonse zinali kupanikizana padambo limodzi, kubudula tiudzu ta m'mphepete mwa matope.

Adada anali ndi ng'ombe ziwiri zapagoli, Kapiteni ndi Bulaki. Kapiteni anatsata madzi n'kutitimira m'matope. Ng'ombe yokhuta ikanadzizula yokha. Tinamukoka ndi zingwe amuna 6, koma atafika pouma miyendo inakana kuimirira. Patapita masiku awiri tinamupha, ndipo chimene tinagawana chinali mafupa ndi chikopa. Usiku umenewo adada sanadye nsima.

Goli silisenzedwa ndi ng'ombe imodzi. Mvula itagwa tinayembekezera asibweni, alongo awo a amama, kuti atsirize kulima kwawo ndiyeno atibwereke ng'ombe yawo. Anatibwereka popanda kutilipiritsa, koma tinabzala titachedwa ndi masabata atatu. Ndi m'masabata amenewo, ndikuona minda ya anzathu ikumera ife tili manja lende, m'mene ndinapempha adada kuti andipatse hafu ya lima.

"Ukufuna kulima utheka?" anandifunsa, osafuna n'komwe kuutchula m'Chinyanja. "Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikuchotsa udzu m'munda. Iwe wapita ku koleji kukaphunzira kuubwezeramo?" Amama nawo sanakondwe, chifukwa malo amene ndinaloza anali a nshawa zawo. Anandipatsa ndithu, koma kumalire, kumene dothi linatopa kale.

Mbewu ndinaitenga kwa alangizi a ziweto. Ndi udzu umene amautcha Rhodes grass, mtundu wa Katambora. Dzina loyambalo ndi la Cecil Rhodes, yemwe uja dziko lathu linali kudziwika naye kuti Northern Rhodesia mpaka 1964. Iye anangothandiza kuufalitsa ku South Africa, koma udzuwo ndi wa mu Africa muno kuyambira kalekale. Mtundu wa Katambora unatengedwa m'mphepete mwa Zambezi, kumtunda kwa Livingstone, ndipo alimi a fodya ku Zimbabwe amaubzala mosinthana ndi fodya chifukwa umachepetsa tinyongolotsi totupitsa mizu. Chimene chinandikoka ine ndi mizu yake, imene m'dothi lakuya imatha kutsika mpaka mamita 4, ndiponso kuti umayanga pansi ngati kandolo, mfundo iliyonse ikakhudza dothi n'kugwira mizu. Mvula ikadula masabata angapo umafota koma siufa.

Kufesa koyamba ndinalakwitsa. Mbewu yake ndi yopepuka ngati mankhusu, mphepo ikawomba imauluka m'manja. Poopa kuti ingauluke ndinaikwirira ndi khasu monga timachitira ndi chimanga. Masabata awiri anatha, osamera kanthu. Chonsecho ineyo ndi amene ndinali kuuza omvera kuti mbewu imeneyi isapitirire sentimita imodzi pansi. Pakamwa ndinali kuzidziwa, koma manja anatsata zimene anazolowera.

Pakati pa Januwale ndinafesanso ndi mbewu yotsala. Ulendo uno ndinaisakaniza ndi mchenga wouma, n'kuithira m'mizere yosaya, kukoka nthambi pamwamba, kenaka kupondaponda ndi mapazi kuti igwirane ndi dothi. Mizere ndi yofunika, anzanga, chifukwa udzu uwu ukangomera sungausiyanitse ndi udzu wachabe. Chimene chili pamzere ndi chako, chili pakati n'chozula. Ndinapalira kawiri, n'kuthira manyowa a m'khola ngolo ziwiri. Anthu odutsa pamsewu anali kuima n'kumandiyang'ana ndikupalira udzu m'kati mwa udzu. Pakutha kwa miyezi iwiri unali utatseka mizere yonse ndipo unali kudziteteza wokha.

Ndinadula mu Epulo, ngayaye zitangoyamba kutuluka. Apa ndi pamene ambiri amataya phindu. Amafuna utalike kuti uchuluke, koma ukabereka njere mapesi ake amalimba ndipo chakudya chimachepa, ng'ombe n'kumangosankha masamba. Ndinadula ndi chikwakwa n'kusiya chitsa chotalika ngati chikhatho, kuti uphukenso. Ndinauyanika masiku atatu ndikuutembenuza, mpaka unauma koma ukadali wobiriwirako. Adada, amene anali kundiseka aja, ndi amene anakhoma bokosi la matabwa. Timayala zingwe ziwiri m'bokosimo, kuthiramo udzu, kuupondereza ndi mapazi, n'kumanga. Tinapeza mabelo 31, ndipo tinawasanja pasanja m'chigafa chakale cha fodya. Kagawo kena ndinakasiya kuti kakhwime ndipeze mbewu.

Vuto lenileni linabwera mu Juni. Kwathu kuno anthu akatha kukolola ng'ombe zimamasulidwa, ndipo munda wa aliyense umakhala msipu wa onse. Palibe amene amafunsa kuti mapesi awa ndi a yani. Koma pamene minda yonse inali itauma, kachigawo kanga kanali kataphukanso, kobiriwira, koonekera patali. Ndinatchinga ndi minga. Ng'ombe zoyamba kuthyola mpandawo zinali za asibweni, ndipo ndinazithamangitsa ndi ndodo.

Madzulo ake asibweni anabwera. Sanakambe ndi ine. Anakhala pansi ndi adada n'kunena kuti, "Alamu, ng'ombe yanga inali yabwino pamene inali kukoka pulawo yanu. Lero yasanduka mbala?"

Ndinasowa poyang'ana. Iwo sananame. Mwambo womasula ng'ombe ndi umene umasunga ziweto za munthu amene munda wake ndi wochepa, ndipo mwambo womwewo wothandizana ndi umene unatipatsa ng'ombe yobwereka. Aliyense akatchinga chake, mayi wamasiye wa ng'ombe ziwiri adzadyetsa kuti? Koma inenso ndinali ndi mfundo. Udzu wa chaka choyamba ukabudulidwa mpaka kudothi m'chilimwe, tsiku ndi tsiku, mapata ambiri amafa, ndipo chaka chamawa n'kuyambiranso kufesa.

Anaweruza ndi adada, ndipo a mfumu a mudzi atamva anavomereza. Anati udzu wobzala ukhale ngati dimba. Dimba limatchingidwa ndipo palibe amene amadandaula, koma kulimbitsa mpanda ndi ntchito ya mwini wake. Ng'ombe ikathyola mpanda wofooka palibe mlandu. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti mabelo 8 ndi a asibweni, pamodzi ndi mbale ya mbewu. Mumtima zinandiwawa, chifukwa ndinali nditawerengera kale masiku. Ndinapepesa, n'kulimbitsa mpanda, n'kulambula kuzungulira munda ndi chigafa kuti moto wa osaka mbewa usafike.

Mu Okutobala 2025 tinatsegula chigafa. Bulaki ndi kamthena kamene tikuphunzitsa goli anali kugawana belo limodzi madzulo, pamodzi ndi masamba a nshawa, gaga pang'ono ndi mchere. Sananenepe, musaganize zimenezo. Mabelo 23 si chakudya cha chilimwe chonse, anangotiolotsa masabata oipa aja mvula isanagwe. Koma mvula itagwa tinalowa m'munda tsiku lotsatira, ndi ng'ombe zathu, osapempha munthu.

Udzu uwu uli ndi malire ake. M'chilimwe chenicheni nawonso umauma, siukula popanda madzi. Umadya chonde kwambiri, ndiye ukamadula osabwezera manyowa umachepa chaka ndi chaka, ndipo pakatha zaka zingapo munda umafuna kuukonzanso. Amama mpaka lero amawerengera mabaketi a nshawa amene akanakolola pamalo aja, ndipo sindiwatsutsa, chifukwa nshawa n'zimene zimagula sopo ndi mayunifomu. Funso la asibweni nalo silinathe. Mipanda ikachuluka m'mudzi muno tidzakhalanso pansi kwa a mfumu.

Pa wailesi masiku ano ndimakamba pang'ono kusiyana ndi kale, ndipo ndimayamba ndi mbewu ija ndinaikwirira ndi khasu. Bambo uja sanaimbenso. Ngati mumawadziwa muwauze kuti yankho lawo ndi hafu ya lima, ndipo akafuna kuona abwere mu Epulo ndi chikwakwa chawo.