Kalata ya m'Baibulo la agogo

Pasipoti yanga inatuluka mu Juni chaka chatha. Ndinakaitenga ku Mzuzu n'kuibisa m'thumba lamkati la jekete, ndipo ulendo wonse wotsika ku Nkhata Bay mpaka kudutsa pa Chintheche dzanja langa linali pachifuwa ngati wodwala mtima. Kunyumba sindinauze aliyense. Mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku yunivesite anali atandilonjeza pogona ku Joni, komanso ntchito yotsuka magalimoto poyambira. Anangoti: "Aise, peza ya basi yokha, zinazo tidzaonera konkuno."

Apa n'kuti patatha zaka zitatu chivulire gauni. Digiri yanga ndi ya mbiri yakale, ndiye funso lake mukulidziwa kale: "Tsono muzidzagwira ntchito yanji?" Makalata ofunsira ntchito ndinasiya kuwawerengetsera atafika 60. Intavyu ndinaitanidwa katatu, konse ku Lilongwe, ndipo katatu konseko ndalama ya thiransipoti inachokera pa usipa wa agogo. Ulendo wachitatu uja, tili pamzere pa ofesi ina, mtsikana amene anali kutsogolo kwanga anatembenuka n'kundinong'oneza kuti malowo ali kale ndi eni ake, ife tabwera kudzadzaza mipando. Kaya ankanena zoona kaya ankangofuna kundifooketsa, koma foni sinalire.

Aliyense anali ndi mawu ondilimbikitsa. Kutchalitchi ankati nthawi ya Mulungu ndiyo yabwino. Amalume ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinafika podana ndi mawu akuti kupirira, chifukwa ndinaona kuti amatuluka msanga pakamwa pa anthu amene mwezi ukatha foni yawo imalira kuti malipiro alowa.

Kwathu ndi ku Bandawe. Pakhomo timayankhula Chitonga, pano ndikulemba Chichewa kuti tonse timvane. Mwana wa kuno amakula ndi nkhani za kupirira, afune asafune. Amishoni a Livingstonia anayamba kukhala ku Cape Maclear mu 1875, malungo n'kuwasautsa, n'kusamukira kuno mu 1881. Kuno anawapezanso malungo omwewo. Mu 1894 Dr Robert Laws anakwera mapiri kukamanga likulu ku Khondowe, koma anzake ena anali atagona kale m'manda aja ali ku Makuzi, pafupi ndi tchalitchi chakale. Ambiri anafa akadali achinyamata. Ku Sande sukulu ankatiuza kuti titengere chitsanzo.

Kumandako ndinkapitako kawirikawiri m'zaka zaulova, koma ndisakunamizeni kuti ndinkapita kukasinkhasinkha. Pamtunda paja netiweki imagwira bwino, ndiye ndinkakaonerapo ngati kwabwera imelo. Ndinkakhala pansi, foni m'manja, miyala ya manda kumbuyo, nyanja kutsogolo. Anthuwo ndimawalemekeza. Sukulu imene anayambitsa ndiyo inandifikitsa pamene ndili. Koma nkhani yawo sinkandikhuza. Iwo anachita kusankha kubwera, ndipo ku Scotland kunali anthu amene ankadziwa mayina awo n'kumawatumizira zofunika. Ine sindinasankhe kukhala pakhomo, ndipo palibe ankadikira lipoti langa.

Amene ankandisowetsa tulo ndi anthu ena atatu, ana a dera lomwe lino, amene ndinachita kukawadziwa bwino m'kalasi ku yunivesite. Ndi zamanyazi koma zoona: ndinakwera basi tsiku lathunthu kuti ndikaphunzire za anthu a m'mudzi woyandikana nawo.

Woyamba ndi Yesaya Zerenji Mwasi. Anamaliza maphunziro a ubusa n'kukhala zaka zambiri akungoyesedwa, akugwira ntchito yonse ya m'busa koma opanda kudzozedwa. Anadzozedwa mu 1914 pamodzi ndi Hezekiya Tweya ndi Jonathan Chirwa, ndipo atatuwa ndiwo anali abusa oyamba achikuda a Livingstonia. Tawerengerani nokha: kuchokera 1875 kufika 1914 ndi zaka 39 mishoni isanakhulupirire kuti munthu wakuda angathe kubatiza mwana. Mwasi anadikira, anapirira, anatumikiranso zaka zina 19. Kenako mu 1933 analemba zifukwa zake mwatsatanetsatane n'kutuluka kukayambitsa mpingo wake, wotchedwa Blackman's Church. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti sanasiye Mulungu. Anangosiya kupempha chilolezo.

Wachiwiri ndi Elliot Kenan Kamwana, amene anakulira ku Chifira, pafupi pompano. Uyu kudikira sankakufuna n'komwe. Anachoka pa sukulu ya ku Khondowe mu 1901 pokana fizi, anapita ku South Africa, anakumana ndi Joseph Booth, ndipo mu 1908 anabwerera ndi chiphunzitso cha Watch Tower. Masiku amenewo munthu wofuna ubatizo ku mishoni ankakhala zaka m'makalasi, kuyesedwa ndi kubwezedwa. Kamwana ankabatiza pompopompo. M'miyezi yochepa anabatiza anthu pafupifupi 10,000. Boma la atsamunda linachita mantha, linamuchotsa kuno mu 1909, ndipo pambuyo pake linamutumiza ku Mauritius ndi ku Seychelles. Analoledwa kubwerera mu 1937. Munthu amene anakana kudikiritsa anzake anadikiritsidwa zaka 28.

Pa Kamwana pali chinthu chimene sindimachimvetsa mpaka lero. Iye analalikira kuti mu 1914 dziko lakale lidzatha, misonkho idzatha, ulamuliro wa azungu udzatha. Chaka chinafika, kunabwera nkhondo, koma misonkho inapitirira ndipo azungu sanasunthe. Anaphonya. Ine ndikanakhala iye ndikanabwerera mwakachetechete n'kumakalima chinangwa, maso pansi. Iye anatsika kuchokera ku ukapolo wa pachilumba n'kuyambitsa mpingo wa Mlonda, n'kuutsogolera mpaka imfa yake mu 1956. Mungatsutsane ndi chiphunzitso chake, inenso sindili wa mpingo wake. Koma mtima wotere amautenga kuti munthu?

Wachitatu ndiye ankandikoka kwambiri, pa zifukwa zodziwikiratu. Clements Kadalie anabadwira ku Chifira komweko mu 1896, anaphunzira ku Livingstonia, anaphunzitsako pang'ono, n'kunyamuka. Anafika ku Cape Town mu 1918, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU, limene pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Mnyamata wa pagombe pano kugwedeza South Africa yonse! Ndikayang'ana pasipoti yanga ndinkadziuza kuti ndikutsata mapazi a Kadalie. Ndinkadumpha dala mbali yakuti bungwelo linagawanika n'kugwa, komanso kuti iye anafera ku East London mu 1951. Ndinkadumphanso mbali yakuti ine ndinkapita kukatsuka magalimoto.

Agogo ndi amene anaipeza pasipotiyo. Ankafuna kuchapa jekete ija. Chizungu sawerenga, koma kabuku kameneka akukadziwa. Sananene kanthu masana onse. Madzulo titadya kondowole ndi usipa, ana atagona, anatulutsa Baibulo lawo la Chitonga, lija chikuto chake anachisoka ndi nsalu ya chitenje, n'kusolola pepala lopindidwa kanayi. Zimene tinakambirana zinali m'Chitonga, ndingozitembenuza.

"Werenga," anatero.

Inali kalata ya agogo aamuna, amene sindinawaonepo. Nkhani yawo ndinkaidziwa mwapatalipatali, monga timadziwira nkhani za matchona m'mabanja ambiri a kuno: anapita ku Salisbury pa selefu mu 1969, abambo anga ali kumsana, ndipo sanabwerere. Kalatayo inali ya 1972. Ankapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, ankafunsa ngati mwana wayamba kuyankhula bwino, ndipo ankati abwera pa Khirisimasi ndi makina osokera.

"Imeneyo ndi yomaliza," agogo anatero.

"Munawadikira mpaka liti, agogo?"

Anaseka pang'ono. Anati zaka zoyambirira ankati akamva kuti Ilala yafika ku Nkhata Bay, ankasesa pabwalo kawiri. Munthu aliyense wotsika basi ndi sutikesi ankaoneka ngati iwo. Denga linayamba kudontha koma ankakana kuti wina alifolere, ati mwini nyumba akubwera, adzafolera yekha. Chaka china mvula ya mu Epulo, ija imagwa kuno ngati kumwamba kwabooka, inagwetsa denga lonse usiku, iwo ndi mwana ali mkati. M'mawa mwake anapita okha kukamweta udzu. Anasinthanitsa usipa ndi milimo. Anafolera.

"Tsiku limenelo ndinasiya kudikira munthu. Kupemphera ndiye sindinasiye."

Ndinawafunsa kuti nanga ankapempherera chiyani, poti zimene ankapempha sizinachitike. Ndinafunsa mwachipongwe ndithu, ngati mwana wa sukulu amene wapeza polakwika m'buku. Iwo sanakwiye.

"Poyamba ndinkapempha kuti abwere. Kenako ndinkapempha kuti akhale ndi moyo kumene aliko. Masiku ano ndimangowatchula dzina, Chiuta akudziwa chochita nalo."

Tinakhala chete. Kunja mwera unali utayamba, mafunde akumveka mpaka m'nyumba. Kenako ananena mawu amene ndimayenda nawo mpaka lero.

"Iwe, ngati ukufuna kupita, pita. Amuna a kuno akhala akupita chiyambire, ena amabwera ndi malata. Koma usapite pothawa maso a anthu. Agogo ako sanali munthu woipa. Ndikuganiza kuti makina aja analephera kugula, ndiye anachita manyazi kubwera chimanjamanja. Khirisimasi ina anati chaka chamawa. Inanso anati chaka chamawa. Maso a anthu ndi amene anawachotsa kuno, ndipo maso omwewo ndi amene anawatsekera njira yobwerera."

Sindinagone usiku umenewo. Agogo sadziwa za Mwasi zimene ine ndimadziwa, zaka ndi mayina a mabungwe. Koma anandigwira pamene mabuku onse aja sanandigwire. Chimene ine ndinkachitcha kupirira kwa zaka zitatu chinali kubisala. Ndinkadzuka mochedwa kuti ndisakumane ndi anthu opita kunyanja. Ndikamva kuti mnzanga wa kusekondale wabwera patchuthi ndi galimoto, ndinkadwala mutu. Sukulu ina yapulaiveti pafupi ndi msewu wa M5 inandipempha kawiri kuti ndizikaphunzitsa, ndinakana, ati ndalama yake ndi yochepa kwa munthu wa digiri. Ndalama yochepayo inali yoposa imene ndinkapeza, yomwe inali ziro. Denga langa linkadontha ndipo ndinkadikira mwini nyumba.

Ndipo ndinaona kuti anthu atatu aja ndinkawawerenga molakwika. Ndinkafuna kudziwa kuti wolondola ndani, wodikira, wokana kudikira, kapena wochoka, kuti ndimutsanzire. Koma Mwasi zaka zonse zimene ankadikira kudzozedwa ankalalikira ndi kuphunzitsa, n'chifukwa chake tsiku lotuluka anali ndi anthu omutsatira. Kamwana anabwerera pakati pa anthu amene ankadziwa bwinobwino kuti anaphonya, ndipo anaima pamaso pawo. Chimene agogo aamuna chinawakanika ndi makina osokera, iye anachichita ndi ulosi wolephera.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti ulova ndi nkhani ya mtima, kapena kuti amene akwera basi ya ku Joni ndi amantha. Ntchito kulibe, ndipo mnzanga uja amatumiza ndalama kwa mayi ake mwezi uliwonse pamene ine sindingathe. Aliyense amene akulemba pa Facebook kuti achinyamata angosintha kaganizidwe, abwere adzaime nafe pamzere wa intavyu. Ndikunena za ine ndekha, ndi chifukwa chimene ndinkafunira kupita.

Lolemba lotsatira ndinavala jekete yomwe ija, yochapidwa, n'kupita kusukulu ija. Aphunzitsi aakulu sanandifunse chifukwa chimene ndasinthira maganizo, ndipo ndimawathokoza pa chimenecho. Malipiro amabwera, nthawi zina mochedwa. Loweruka ndimathandiza agogo pa thandala la usipa, ndimawalembera m'kope amene atenga pangongole, chifukwa ena ankawadyera masuku pamutu podziwa kuti amangosunga m'mutu. Makalata ofunsira ntchito ndikulembabe. Pamtunda pa Makuzi ndimapitabe, koma kamodzi pa sabata.

Pasipoti ili m'Baibulo la agogo, pamodzi ndi kalata ija. Anachita kundipempha kuti aisunge iwo, ndipo anati tsiku limene ndidzaifune ndidzangonena, sadzandikaniza, koma ndidzanene masana, pabwalo, anthu akumva. Imakhala zaka khumi isanathe, ndiye nthawi ilipo. Mnzanga uja mwezi watha ananditumizira chithunzi ali mu jekete yachikopa, pansi pake analemba kuti malo akadalipo. Ndinamuyankha kuti ndamva. Sindinamuuze kuti ayi.

Sabata yatha ndinkaphunzitsa Fomu 3 za Kamwana ndi mipingo yoima payokha. Nditawauza kuti munthuyu anakulira ku Chifira, kalasi yonse inachita phokoso, poti ena mwa iwo amachokera komweko ndipo amayenda wapansi m'mawa uliwonse. Ndinawonjezapo za Kadalie ngakhale sanali pa phunziro la tsikulo. Mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene sayankhulayankhula, anakweza dzanja.

"Sala, ndiye kuti anthu onse otchuka a kuno anayamba achoka kaye?"

Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule Mwasi. Kenako ndinaganiza za agogo, amene dzina lawo silili m'buku lililonse ndipo sanapitepo kutali kuposa Mzuzu. Belu linalira ndisanasankhe woti ndiyambe naye. Ndinamuuza kuti tidzapitiriza Lachinayi.